Chalimbana Akupita Nawe ku Neno

Nsaru,
Lachinayi masana.

Zione mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mthethe wa pagalaja pano, pepala ndatsamiritsa pa thanki yakale ija timaikhalira ngati mpando. Iwe wapita ku Kabudula kukatsanzika azakhali ako, mayi ako ali kuseri akukazinga mtedza woti udzatenge, ndipo andimenya kale padzanja kawiri. Ndaona kuti mpata ndi uno. Ndikamayankhula nawe pakamwa umangoti "ndamva ababa" ndisanamalize n'komwe, ndiye ndati ndilembe, chifukwa pepala sungalidule mawu.

Poyamba ndinene kuti ndakondwa. Ndakondwa moti dzulo akabaza onse obwera pano ndinawauza, ngakhale amene anangobwera kudzapopa tayala, kuti mwana wanga wapeza ntchito ya ulangizi wa ziweto ku Neno. Wina anandifunsa kuti, "Nanga kumapiri kuja akayenda pa chiyani?" Ndinamulozera Chalimbana, njinga yanga yamoto. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mleke aseke. Njinga yake yatsopanoyo yabwera pano katatu chaka chino, pamene Chalimbana ndinamugula ndisanakwatire, nditagulitsa mtedza wa chalimbana wa m'munda mwa malemu agogo ako, ndipo mpaka lero amalira pa kiki yachiwiri.

Kuyambira mawa ndi wako. Koma njinga yamoto yakale ili ndi makhalidwe ake, ndipo zonse zimene ndikudziwa za iyeyu ndinaziphunzira polakwitsa. Ndikuuza zolakwa zangazo kuti iwe ukalakwitse zako zatsopano, osabwereza zanga.

Cholakwa choyamba ndinachita tsiku lokaonekera kwa amalume awo a mayi ako, kuseri kwa Namitete. Ndinavala shati yoyera yosita bwino, nsapato zopolisha, n'kunyamuka m'mawa nthawi ilipo yambiri. Pa Msundwe ndinaima kugula shuga woti ndisafike chimanjamanja. Poima ndinatseka kampopi ka petulo kali pansi pa thanki kaja, monga anandiphunzitsira a Jailosi, amakaniko a ku Namitete amene anandiphunzitsa ntchito. Ponyamuka ndinaiwala kutsegula. Petulo wotsalira m'kabuleta anandiyendetsa pang'ono, kenaka njinga inatsokomola kawiri n'kuzima pakati pa minda. Ine ndinali nditangophunzira kumasula kabuleta mwezi womwewo, ndiye mtima unathamangira komweko. Ndinayala mpango pansi, kumasula zonse, kuuzira m'timabowo, kasipuling'i kena n'kudumphira mumchenga. Ndinakafuna chogwada dzuwa lili paliwombo. Kumanga, kuponda kiki, zii. Kumasulanso. Mayi wina amene anandidutsa m'mawa atasenza dengu la tomato anandipezanso pobwerera kumsika, dengu lili lopanda kanthu. Anaima n'kundiyang'ana.

"Achimwene, mukadali pompano? Kodi kampopi ako mwatsegula? Abambo a kunyumba amaiwala kawirikawiri."

Ndinayang'ana kampopi. Ndinayang'ana mayi uja. Ndinati, "Ndimafuna ndiyambe ndaona zinazi."

Anati, "Eti," n'kumapita, mapewa akugwedezeka.

Kwa amalume ndinafika dzuwa litapendeka, shati ili ngati ndapukutira mphika. Mayi ako maso anali atafiira poganiza kuti ndawathawa. Amalume awo anayang'ana manja anga n'kunena kuti, "Mpatseni madzi asambe, taona kale kuti ntchito amagwira." Ukwati unalongosoka, koma mayi ako sanandiyankhule mpaka Lamulungu.

Ndiye Zione, njinga ikazima usathamangire sipanala. Yamba ndi zazing'ono. Petulo alimo? Akutsika? Pulagi ikutulutsa moto? Mpweya ukulowa? Injini imafuna zitatu zomwezi basi, petulo, moto ndi mpweya, ndipo nthawi zambiri chavuta ndi chinthu choti ukanachikonza ndi zala ziwiri. Kuntchito kwako chimodzimodzi. Mlimi akakuitana kuti ng'ombe yake yafooka, usayambe ndi matenda a mayina aataliatali a m'mabuku ako aja. Funsa kaye ngati yamwa madzi. Ndipo munthu wosenza dengu akakuuza kanthu, mvera, ngakhale iwe utavala yunifolomu.

Cholakwa chachiwiri ndi cha kutentha, ndipo ichi uchimvetse bwino chifukwa ukupita kumapiri. Chalimbana alibe madzi oziziritsa ngati galimoto. Chimamuziziritsa ndi mphepo yokha, imene imadutsa m'timizere tachitsulo tozungulira injini, timene ine ndimati nthiti. Chaka china mu Febuluwale ndinayenda masabata awiri m'matope a ku Nambuma, nthiti zonse zitamatika dothi louma ngati khoma lozira, ine osalabadira. Tsiku lina ndinanyamula matumba awiri a chimanga kupita nawo kuesiteti ina ya fodya. Pachitunda njinga inayamba kufooka, injini ikulira ngati muli timiyala, fungo la oyilo wopserera likufika m'mphuno. Ndinaima pafupi ndi nyumba za matenanti n'kupempha ndowa ya madzi. Bambo wina wochokera ku Phalombe, a Makwinja, amene ankasoka fodya pachigafa, anandibweretsera madziwo poganiza kuti ndikufuna kusukusula. Ataona ndikulozetsa ndowa pa injini anakuwa kuti, "Ayi bwana, dikirani!" Koma ndinali nditakhuthula kale. Nthunzi inati fuu, n'kumveka kaphokoso koti thee, ndipo mutu wa injini unachita mng'alu woti n'kulowetsa chikhadabo.

A Makwinja anagwira pakamwa. Anati, "Kwathu mphika wadothi ukangochoka pamoto sitiuthira madzi ozizira. Nanga chitsulochi chalakwanji?"

Anandikhazika pamthunzi, kundiotchera chimanga chachiwisi, kenaka anandithandiza kukankha mpaka kumsewu. Tinakhala pa ubwenzi mpaka anabwerera kwawo. Koma mutu wina wa injini ndinaufuna miyezi inayi, ndikuyenda pa njinga yakapalasa, anthu akundifunsa kuti amakaniko ndatani.

Iwe ukamva Chalimbana akufooka pachitunda, ukamva kutentha kukuwamba m'miyendo, ima pamthunzi, zimitsa, khala pansi. Dikira mpaka uthe kugwira nthiti ndi dzanja. Madzi imwa iweyo, iye usamupatse. Chitunda uzichiyamba ndi giya yaing'ono, osadikira kuti ayambe walira. Loweruka lililonse, injini itazizira, uzitokosa nthiti ndi kamtengo kuchotsa matope ndi udzu. Ndiponso usamamusiye akulira ataima iwe ukucheza ndi anthu, chifukwa ataima palibe mphepo yomuomba. Moni wa kumudzi ndi wautali, zimitsa kaye.

Ndikunenanso za iwe pamenepa. Mtima wako wapachala uja unatengera ine, usakane. Kumene ukupitako kudzapezeka munthu wokuyankha mwano, mwina wamkulu wa kuofesi, mwina mlimi amene adzakuti kamtsikana sikangamuuze za ng'ombe zake. Usayankhe uli wotentha. Khala pansi kaye.

Za mkwiyozi ndili ndi umboni wina. Tsiku lina tinakangana ndi mayi ako chifukwa mbuzi inalowa panazale n'kudya mbande za fodya, aliyense akuti mnzake ndiye sanaimange. Ndinatuluka ndikutukutira, n'kunena kuti ndikasinthe pulagi mtima ukhale pansi. Pulagi yatsopano ndinaiika pabowo n'kuyamba ndi sipanala nthawi yomweyo. Inalimba msanga. M'malo mobwerera, ndinakanikiza ndi mphamvu zonse za mkangano uja. Inalimba, inalimba, kenaka inangoti lobodo, n'kumazungulira yokha. Mazinga onse a pabowo ndinali nditawadya. Ndinakhala pansi ndikuyang'ana tizitsulo tonyezimira tili pa pulagi. Patapita kanthawi mayi ako anabwera ndi kapu ya thobwa.

"Bambo, mbuzi ija ndakumbuka, ndinaiwala kumanga ndine."

Ndinati, "Ine ndaononga njinga."

Anati, "Ndiye tafanana. Imwani."

Chifukwa chake pulagi uziyamba kumanga ndi zala zokha. Ikamalowa mosavuta, pitiriza mpaka ikhale, kenaka sipanala ingomalizitsa pang'ono. Ikakana, bwerera uyambirenso. Chitsulo cha mutu wa injini n'chofewa, sichikhululuka. Usamasule pulagi injini ili yotentha, ndipo usagwire sipanala utakwiya. Pulagi yomweyo ndiye imakuuza za m'kati mwa injini mmene sungathe kuona. Ukaimasula n'kupeza nsonga yake ili yofiirira ngati khungu la mtedza wokazinga, zonse zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka, kaone sefa ya mpweya, mwina yatsekeka ndi fumbi. Ikakhala yoyera mbuu, injini ikutentha kwambiri. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, malingi a pisitoni atopa, ndipo pamenepo undiimbire. Pulagi ina yatsopano ndaikulunga m'sokosi, ili m'kabokosi ka zida pansi pa mpando, momwe upezemo kalata ino ukamalongedza katundu usiku uno.

Tsopano cholakwa chachikulu kuposa zonse. Nkhani ya kubadwa kwako umaidziwa mbali yoseketsa yokha, yakuti unatsala pang'ono kubadwira m'ngolo. Mbali yanga sindinakuuzepo. Mwezi umenewo, Okutobala, ntchito inandichulukira pagalaja. Tsiku ndi tsiku ndinkathira oyilo m'njinga za anthu, uku ndikuwakalipira kuti sasamala. Yanga ndinkati ndiona mawa. Pansi pa injini pankadontha, m'mawa ndinkaona kadontho kakuda pamene Chalimbana wagona, n'kungofotsera dothi ndi phazi. Chonsecho mayi ako ali otopa, ine ndikudziwa bwinobwino kuti chothamangira kuchipatala ndi njinga yomweyi.

Matenda anayamba m'mawa, masiku amene tinkawerengera asanakwane. Ndinakweza mayi ako, tinanyamuka. Tinayenda bwino mpaka titadutsa dambo, kenaka injini inayamba kugogoda. Kulira kumeneko ndinkakudziwa, ndinali nditakumva m'njinga za anthu ena kambirimbiri. Ndinapemphera kuti ipirire pang'ono pokha. Sinapirire. Inagwira, tayala lakumbuyo n'kukhukhuluzika pafumbi, ndipo ndi chisomo cha Mulungu kuti ndinafinya kalachi msanga tisanagwe. Ndinasolola kamtengo koyezera oyilo, kali kouma gwa.

Mayi ako anakhala pansi m'mbali mwa msewu atagwira udzu ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu. Sanandikalipire. Anangoti, "Bambo, chitanipo kanthu." Foni kunalibe masiku amenewo, ndipo galimoto pamsewu umenewo inkadutsa mwa apo ndi apo. Ndinathamanga ngati wamisala kulowera kumene ndinkamva kulira kwa ngolo, n'kupeza mkulu wina akututa manyowa kupita nawo kumunda. Sindinamupatse ngakhale moni. Anandimvera, n'kukhuthula manyowa onse pomwepo panjira, kuyala udzu ndi jekete lake m'ngolomo, ndipo tinakweza mayi ako. Ng'ombe zake ziwiri, ina yakuda ina yamawanga, zinathamanga tsiku limenelo ngati zikudziwa. Chalimbana ndinamusiya atagona m'tchire osacheukanso. Tinalowa pachipata cha chipatala, anamwino n'kutenga mayi ako, ndipo ndisanapeze pokhala ndinamva kulira kwako. Namwino wina wachikulire anatuluka n'kunena kuti, "Mwana wamkazi, onse ali bwino. Koma bambo, mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina." Ndinakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira, ndikununkha manyowa. Mkulu wa ngolo uja anakana kulandira chilichonse, anangopempha madzi oti ng'ombe zake zimwe. Nthawi zina ndimaganiza kuti ng'ombe unayamba kuzikonda tsiku limenelo.

Oyilo, Zione. Ukaiwala zonse za m'kalata muno usaiwale oyilo. M'mawa uliwonse usanaponde kiki, imika njinga chilili pamalo osalala, solola kamtengo, pukuta, bwezera, sololanso, uone pamene wafika. Akada n'kumaoneka ngati madzi pakati pa zala, sintha, ndipo uzikhetsa wakaleyo injini ikadali yofunda kuti atuluke ndi zinyalala zake. Wa m'migolo wosadziwika kumene wachokera usagule. Ukaona kadontho pansi usafotsere ndi phazi ngati bambo ako. Ndipo umve ichi: udzakhala ukuthamangira mbuzi ndi nkhuku za anthu kuyambira m'mawa, ukuwalangiza za katemera ndi makola abwino, iwe mwini usanadye kanthu. Uzidya. Uzigona m'neti. Thupi likatentha upite kuchipatala tsiku lomwelo, osati mawa.

Cholakwa china chinabwera chifukwa cha kunyada. Chalimbana ali ndi kaphokoso kake ka tiki-tiki-tiki kochokera pamwamba pa injini, pamene pali mavavu. Anzanga ankandiseka kuti ndikuyenda pa makina osokera. Zinandipweteka, ndiye tsiku lina ndinatsegula n'kumanga matapeti, tizitsulo tokankha mavavuwo, mpaka kampata kamene kamayenera kutsala pamenepo kanatheratu. Phokoso linatha. Ndinapita ku Namitete kukadzionetsa kwa a Jailosi. Anapendeketsa mutu kumvetsera, n'kufunsa kuti, "Wamutseka pakamwa ndani?"

Ndinati, "Ndine," chifuwa chili patsogolo.

Anati, "Ndiye akamapsa akuuza bwanji? Kabwezere mmene zinalili."

Sindinabwezere. Ndinkati nkhalambayo yachita nsanje. Patangotha masabata atatu njinga inayamba kuvuta kulira m'mawa, mphamvu n'kuthawa. Potsegula, vavu inali itapsa m'mphepete. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndiye popanda kampata kaja vavu siitseka bwino, moto n'kumainyambita. Ndinabwerera kwa a Jailosi mutu uli pansi. Sananene kuti ndinakuuza. Anangondipatsa kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, komwe ndakuikira m'kabokosimo, ndipo mbali yoyenera ndaipaka penti yofiira. Matapeti uziyeza m'mawa injini ili yozizira. Kaphokoso kaja kasiye, ndi kake. Uope tsiku limene kadzasowe.

Inunso ana muli chomwecho. Ukamatiimbira n'kumadandaula za udzudzu, za denga lodontha, za msewu woterera, ife tidziwa kuti uli bwino. Koma ukadzangoti "zonse zili bwino" katatu motsatizana, dziwa kuti mayi ako akukwera basi. Zikavuta unene, mwana wanga. Zikavuta kwambiri, ngakhale zochititsa manyazi, unenebe. Pano ndi kwanu, ndipo munthu amene anagwada mumchenga kampopi kali kotseka alibe woti angamuseke.

Zina ndi zing'onozing'ono, koma nazonso ndinazilipira ndi thukuta. Kumidzi kumene kulibe pothirira mafuta udzagula petulo wa m'mabotolo, palibe kuchitira mwina. Ine ndinagulapo wina wosakaniza ndi madzi, ndipo ndinakankha kuchokera kumaliro mpaka kunyumba ndili m'suti. Botolo uzilinyamula kaye kuloza kudzuwa: madzi amakhala pansi, amaoneka. Akakulowera m'thanki, njinga imayamba kudukiza ngati ili ndi ntchirichiri. Pansi pa kabuleta pali kasikuluu, masula pang'ono, madziwo atuluke, umange. Sefa ya mpweya m'chilimwe uzitsuka sabata ndi sabata, fumbi ndi limene limadya injini m'kati. Tcheni chisalimbe ngati chingwe cha gitala ndipo chisalende, chizisewera ngati zala ziwiri, ndipo uzichidontheza oyilo ukayenda pamvula. Mtsinje ukadzaza usawoloke, ngakhale wina atakuuza kuti iye wangowoloka kumene. Chisoti uzivala ndi kumanga lamba wake, ngakhale ukupita pafupi. Chipsera chili pachibwano changachi umachidziwa. Inali nkhumba ya pa Mpingu, inatulukira m'chimanga, ine chisoti ndakoleka pachigongono chifukwa kunkatentha. Nkhumbayo inadzuka n'kumapita osatsimphina n'komwe.

Za anyamata andiuza mayi ako kuti akamba nawe okha, ine ndisalowerere. Ndingonena chimodzi. Wina akadzayamba kubwerabwera, umubwereke Chalimbana azungulire bwalo iwe ukuona. Akangoliza n'kukoka moto injini isanafunde, akamaponda giya ngati akupha njoka, wadziwa mmene amagwirira zinthu za eni. Akayamba wafunsa kuti, "Kodi ameneyu amafuna zotani?" ameneyo ubwere naye tidzamuone.

Oyilo, Zione. Ndanena kale koma ndikunenanso. Ndi chisoti.

Cholakwa chomaliza ndinalakwira iwe. Ntchito imeneyi ndinkafuna kusiyira mlongo wako Yohane, ndipo ndinamukakamiza zaka zambiri iye mtima uli pa kwaya ya kutchalitchi. Iwe ukabwera pagalaja ndinkakubweza kuti kathandize mayi ako, sipanala si ya akazi. Unkapita, koma unkabweranso. Unaphunzira ndi maso, ine osakuphunzitsa, ndipo pamene ndinkadzazindikira kuti wamakaniko m'nyumba muno ndiwe, unali utapita kale kukoleji. Zaka zimene tikanakhala limodzi pansi pa mthethe uno ndinazitaya ndekha. Pepa, mwana wanga. Pakamwa zikanandivuta kunena.

Ndiye ndiulule. Lachiwiri lija Chalimbana anakana kulira, ine n'kunena kuti msana ukundiwawa uone wekha, msana sunkawawa. Mtima wanga sunkakhazikika kukutumiza kutali ndi njinga yakale, ndiye ndinalawirira n'kukutchera misampha itatu. Ndinakhwefula waya wa pulagi, ndinalowetsa kansanza m'bokosi la sefa, ndipo ndinamata sopo pa kabowo kopumira ka pachitsekerero cha thanki. Kenaka ndinakakhala pakhonde ndi mayi ako kunamizira kuwathandiza kusankha nyemba, diso lili kwa iwe.

Waya unaupeza nthawi yomweyo. Kansanza unakasolola n'kukayang'ana nthawi yaitali, chifukwa kanali ka malaya anga akale a mizeremizere. Sopo ndiye anakuvuta. Njinga inalira, unapita nayo kumsika, n'kubwera ukukankha. Mayi ako anandinong'oneza kuti, "Kamuuzeni, mwamuzunza mokwanira." Ndinakana. Unakhala pansi osagwira sipanala, ukuganiza. Kenaka unatsegula thanki, mpweya n'kulowa kuti fyuu, ndipo unatembenuza chitsekerero n'kuchinunkhiza. Unatokosa kabowo ndi munga, kuponda kiki, Chalimbana n'kulira. Mumtima ndinati basi, wakhoza zonse.

Koma iwe sunazimitse. Unagwada, khutu lili pafupi ndi kabuleta, n'kundiitana.

"Ababa, tabwerani mumve. Pakulowa mpweya penapake."

Ndinabwera, msana wowawa uja nditauiwala. Ndinamvetsera. Ndinati, "Palibe kanthu apa."

Unatenga chala changa n'kuchikanikiza pa mphira wolumikiza kabuleta ndi injini, ndipo ndinamva m'dzanja kuti kayendedwe ka injini kasintha. Kunsi kwa mphirawo kunali kamng'alu. Umenewo sunali msampha wanga, ndipo sindikudziwa unayamba liti. Ukanapita nawo kumapiri ukanakuotchera injini. Ine amene ndinkati njinga ikamadutsa pamsewu ndimadziwa matenda ake ndili m'nyumba, sindinamve kalikonse. Makutu anga ayamba kutha, Zione. Mayi ako akhala akunena chaka chonse, ine ndikuti iwo ndiwo amayankhula motsitsa.

Unandiyang'ana n'kunena kuti, "Zitatu zija n'zanu, ababa, ndi sopo wa amayi yemwe. Koma ichi n'cha Chalimbana."

Mayi ako anaseka mpaka lichero la nyemba kutayika. Ine ndinalowa m'galaja kuti ndikafune mphira wina, ndipo ndinachedwamo, ngakhale mphirawo ndinkadziwa pamene uli. Chimwemwe chinali chitandifika m'maso, sindinkafuna undione. Zaka zonsezi ndakonza njinga zosawerengeka, koma sindinanyadepo ngati mmene ndinanyadira tsiku limene unandigonjetsa pa njinga yanga yomwe.

Choncho ndikukutumiza ndi mtima woyera. Unyamuke kukadazizira. Mumzinda udutse mofatsa, minibasi uzizipatsa njira. Upumule pa Dedza, upumulenso pa Ntcheu, iwe umwe tiyi iye azizire. Ukafika uimbe. Anthu a kumeneko ukawalemekeze, ukadye zimene akudya, ukaphunzire mayina a ng'ombe zawo. Mulungu amene anatuma ngolo tsiku lija akutsogolere m'zitunda zonse za ku Neno.

Mawa usayembekeze kuti ndikuthandiza kuliza, uliza wekha. Ine ndikaima kumsewu kumvetsera mpaka kulira kwa Chalimbana kuzimiririke. Ndi makutu angawa sizitenga nthawi, ndiye ndapangana ndi mayi ako kuti aime pambali panga, azindiuza kuti tsopano wasintha giya, tsopano wafika pamlatho, tsopano wakwera chitunda, mpaka nawonso asiye kumva.

Ndine bambo ako,
Mwale.